Mmene Mungadziwire Nthawi Imene Dzira Limatuluka M'thupi Mwanu

Mtsikana akatha msinkhu, anankungwi ndi azakhali amamulangiza za magazi: mmene angavalire, mmene angachapire nsalu zake ndi kuziyanika posaonekera, ndipo m'mabanja ena amauzidwanso kuti asathire mchere m'ndiwo pamene ali kumwezi. Malangizo ambiri amathera pa masiku anayi kapena asanu amene magaziwo akutuluka. Koma chinthu chimene chimalamulira msambo wonse sichioneka ndi maso, ndipo chimachitika pa nthawi imene mayi ali bwinobwino, akupalira kumunda, akugulitsa pamsika kapena ali pa ntchito mu ofesi. Dzira limodzi limakhwima ndi kutuluka m'thumba lake. Magazi amene amaoneka pambuyo pake amabwera chifukwa dziralo linatuluka masabata awiri apitawo ndipo silinakumane ndi mbewu ya abambo.

Kudziwa nthawi imeneyi kumathandiza mayi amene akufuna kutenga pakati, amene akufuna kulera, komanso amene akungofuna kumvetsa chifukwa chimene thupi lake limasinthira pakati pa mwezi. Chimene ndikufuna mugwire kuyambira pano ndi chakuti tsiku la dzira si limodzi kwa amayi onse. Mawu akuti dzira limatuluka pa tsiku la 14 afala kwambiri ndipo asocheretsa ambiri, chifukwa amayandikira choonadi kwa mayi yekhayo amene msambo wake umabwera pakatha masiku 28, ndipo ngakhale kwa iyeyo si mwezi uliwonse pamene zimatero. Tsiku lanu mudzalipeza m'thupi mwanu momwemo, mukaliyang'anitsitsa kwa miyezi ingapo ndi kulemba zimene mukuona.

Choyamba, mvetsani zimene zikuchitika m'kati

Mayi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kena kumanja ndi kena kumanzere kwa chiberekero, timene alangizi ena a zaumoyo amatitcha mabasiketi. Mwana wamkazi amabadwa ali ndi mazira ake onse, oposa 1 miliyoni, ndipo akamatha msinkhu amakhala atatsala ndi pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Mwa onsewa, amene adzakhwime ndi kutuluka pa moyo wake wonse ndi 400 kapena 500 okha, kawirikawiri limodzi pa mwezi.

Masiku ochokera pa tsiku loyamba la msambo kufika pa tsiku lomaliza msambo wina usanayambe ndiwo nditawatche ulendo umodzi wa msambo. Ulendowu uli ndi zigawo ziwiri, ndipo malire ake ndiko kutuluka kwa dzira.

M'chigawo choyamba, kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo kamene kali kunsi kwa ubongo kamatulutsa homoni (mankhwala achilengedwe amene thupi limapanga lokha, oyenda m'magazi kukauza ziwalo zochita) yotchedwa FSH, imene imadzutsa timatuza tingapo ta madzi m'mabasiketi muja, kalikonse kali ndi dzira m'kati mwake. Timatuzato timayamba kukula pamodzi, koma kamodzi kamapitirira tinzake, ndipo pamene kakukula kamatulutsa homoni ya estrogen. Homoni imeneyi ndi imene imamanganso khungu la m'kati mwa chiberekero limene linatayika ndi msambo wapitawo, komanso ndi imene imasintha chikazi chochokera pa khomo la chiberekero kuti chikhale choterera. Estrogen ikachuluka mokwanira, kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kaja kamatulutsa homoni ina, ya LH, yochuluka mwadzidzidzi, ndipo pakatha maola 24 mpaka 36 kathuza kaja, kamene panthawiyi kafika pafupifupi masentimita awiri, kamaphulika. Dzira limatuluka ndi kulandiridwa ndi chubu chimene chili pafupi nalo, imene ndi njira yopita ku chiberekero.

M'chigawo chachiwiri, chotsalira cha kathuza kophulikako sichifa nthawi yomweyo. Chimasanduka kanthu kachikasu kamene kamatulutsa homoni ya progesterone, imene imasunga khungu la m'chiberekero kuti likhale lokonzeka kulandira mimba, imalimbitsa chikazi kuti khomo litsekeke, ndiponso imakweza pang'ono kutentha kwa thupi. Ngati dzira lakumana ndi mbewu ya abambo, zimene zimachitikira m'chubu osati m'chiberekero, limayenda kwa masiku angapo ndi kukakhazikika m'chiberekero pakatha masiku 6 mpaka 10, ndipo limayamba kutulutsa homoni ya hCG, ija imene kachipangizo koyezera mimba kamaipeza mu mkodzo. Ngati silinakumane nayo, kanthu kachikasuko kamafota pakatha masiku 12 mpaka 14, progesterone imatsika, khungu lija limayoyoka, ndipo mayi amapita kumwezi.

Pali manambala awiri oyenera kuwaloweza. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Mbewu ya abambo imatha kukhala ndi moyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku asanu ngati yapeza chikazi choterera. Choncho pa ulendo uliwonse pali masiku pafupifupi asanu ndi limodzi amene mayi angatenge pakati: masiku asanu dzira lisanatuluke, ndi tsiku lenileni lotulukalo. Mbewu ndiyo imayamba kufika ndi kudikira dzira.

Chachiwiri, gulani kope ndipo muyambe kulemba

Kope la sukulu wamba ndi lokwanira, kapena kalendala imene simuipachika pa balaza. Tsiku loyamba ndi limene magazi ofiira ayamba kutuluka ndithu, osati la timadontho todera timene ena amationa dzulo lake. Lembani tsikulo, ndipo msambo wotsatira ukayamba muwerenge masiku onse kuyambira pa tsiku loyamba lija kulekezera pa dzulo la msambo watsopanowo. Mwachitsanzo, ngati munayamba pa 3 Marichi ndipo mwayambanso pa 1 Epulo, ulendo wanu unali wa masiku 29. Amayi ambiri amalakwitsa apa chifukwa amayamba kuwerenga pa tsiku limene magazi asiya, ndipo kulakwitsa kumeneku kumasokoneza chiwerengero chonse.

Kwa mayi wamkulu, ulendo wa masiku 21 mpaka 35 ndi wabwinobwino, ndipo kusiyana kwa masiku angapo pakati pa mwezi wina ndi unzake si matenda. Lembani kwa miyezi isanu ndi umodzi musanayambe kukhulupirira manambala anu. Mapulogalamu a pafoni owerengera msambo angakuthandizeni kusunga masiku, koma tsiku la dzira limene amakulozerani ndi longoyerekeza kuchokera ku miyezi yapitayo. Foni siidziwa kuti mwezi uno munadwala malungo, kapena kuti munali pa maliro sabata yathunthu osagona bwino.

Chachitatu, werengani chobwerera m'mbuyo

Zigawo ziwiri zija sizifanana khalidwe. Chachiwiri, chochokera pa kutuluka kwa dzira kufika pa msambo, sichisinthasintha kwambiri mwa mayi mmodzi, ndipo kwa ambiri chimatenga masabata awiri kapena kuchepera pang'ono. Choyamba ndicho chimatalika kapena kufupika malinga ndi matenda, nkhawa, njala, ntchito yolemetsa ndi msinkhu. Madokotala awiri, Kyusaku Ogino wa ku Japan ndi Hermann Knaus wa ku Austria, ndiwo anaonetsa mfundoyi m'zaka za m'ma 1920, aliyense payekha: dzira limayenderana ndi msambo umene ukubwera, osati umene wapita. Tikamati msambo wachedwa, kawirikawiri chimene chachedwa ndi dzira.

Choncho chotsani 14 pa kutalika kwa ulendo wanu kuti mupeze pafupifupi pamene dzira limatuluka. Mayi wa masiku 29 uja dzira lake linatuluka cha pa tsiku la 15 kapena la 16, kutanthauza pa 17 kapena 18 Marichi. Wa masiku 35 limatuluka cha pa tsiku la 21, pamene wa masiku 24 limatuluka cha pa tsiku la 10. Taganizirani mayi womalizayu. Ngati amasamba masiku asanu ndi limodzi, ndipo akhala malo amodzi ndi mwamuna wake tsiku limene magazi asiya, mbewu ingathe kudikira mpaka dzira litatuluka. Ichi n'chifukwa chake chikhulupiriro chakuti masiku ongotha kumene msambo sangatengetse mimba chabweretsa mimba zambiri zosayembekezereka.

Kuwerenga kumeneku kumakupatsani chithunzi cha miyezi yapitayo. Kuti mudziwe zimene zikuchitika mwezi uno, muyenera kuyang'ana thupi lenilenilo.

Chachinayi, phunzirani kuwerenga chikazi chanu

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa chizindikiro chimenechi n'chaulere, chili ndi mayi aliyense, chimachenjeza dzira lisanatuluke, komabe ndi chimene amayi ambiri anaphunzitsidwa kuchita nacho manyazi. Ndamva atsikana akudandaula kuti ali ndi matenda chifukwa pakati pa mwezi amanyowa, ndipo ena amafika potsuka m'kati ndi sopo kapena kuikamo mankhwala oumitsa. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa chimene akuchotsacho ndi chizindikiro cha thupi labwino, ndipo kwa amene akufuna mwana, ndiyo njira imene mbewu imadzeramo.

Muziyang'ana kawiri kapena katatu pa tsiku, makamaka masana ndi madzulo. Mukapita kuchimbudzi, musanakodze, pukutani kunja kwa njira ya abambo ndi pepala loyera kapena ndi chala chosamba bwino, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Palibe chifukwa cholowetsera chala m'kati. Onani mtundu wa chimene chatsalira, kenako chigwireni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi kulekanitsa zalazo pang'onopang'ono kuti muone ngati chikuduka kapena chikutanuka. Muzimvanso mmene kumalisecheko kulili pamene mukuyenda kapena kugwira ntchito: kouma, konyowa kapena koterera. Usiku musanagone, lembani m'kope chizindikiro chimene chinali chonyowa kwambiri pa tsikulo.

Kwa amayi ambiri zimayenda motere. Msambo ukatha pamakhala masiku ochepa ouma, ngakhale kuti a ulendo waufupi mwina sakhala nawo. Kenako kumabwera chikazi chochepa, chomata, choyera kapena chotuwa, chimene chimaduka msanga pakati pa zala. Pakapita masiku chimachuluka ndi kufewa ngati mafuta odzola. Pomaliza chimayera mbee ngati madzi, chimaterera, ndipo chimatanuka pakati pa zala osaduka, monga mmene therere limachitira mukalitapa ndi nsima, kapena choyera cha dzira laiwisi. Amenewa ndiwo masiku a chonde chachikulu. Tsiku lomaliza la kutererako, limene mumalizindikira mawa lake poona kuti kwaumanso kapena kwayamba kumata, ndilo limayandikana kwambiri ndi kutuluka kwa dzira, ndipo kusiyana kwake kumakhala tsiku limodzi kapena awiri. Njira yoyang'ana chikazi imeneyi inafalitsidwa ndi madokotala John ndi Evelyn Billings a ku Melbourne, m'dziko la Australia, ndipo imaphunzitsidwa kwambiri m'mabanja a Chikatolika, ngakhale kuti mayi wa chipembedzo chilichonse angapindule nayo.

Pali zinthu zimene zimasokoneza chizindikirochi. Umuna wotsalira umatuluka mawa lake mutakhala malo amodzi, ndipo ungaoneke ngati chikazi choterera, choncho lembani m'kope masiku amene mwakumana kuti musasokonezeke. Madzi obwera ndi chilakolako amaterera koma amauma msanga ndipo satanuka kwenikweni. Matenda nawonso amasintha zonse. Chikazi chachikasu kapena chobiriwira, chonunkha, cha zibuma ngati chambiko, kapena chobwera ndi kuyabwa ndi kutentha pokodza, chimene ambiri amangochitcha mauka, si chizindikiro cha dzira ayi. Chimenecho chikufuna chipatala, ndipo ngati adokotala apeza kuti ndi matenda opatsirana pogonana, mwamuna nayenso alandire mankhwala.

Mwezi woyamba mudzasokonezeka, ndipo zimenezo zisakufooketseni. Pofika mwezi wachitatu, amayi ambiri amayamba kuzindikira kusinthaku ngakhale asanayang'ane pepala.

Chachisanu, tsimikizani ndi kutentha kwa thupi

Chikazi chimakuuzani kuti dzira layandikira, pamene kutentha kwa thupi kumakuuzani kuti latuluka kale. Mufunika kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ka manambala, kamene kamapezeka m'mafamase. Kasungeni pafupi ndi pilo. M'mawa uliwonse mukangodzuka, musanatsike pabedi kapena pamphasa, musanamwe madzi, ikani kachipangizoko kunsi kwa lilime ndi kulemba nambala imene katulutse. Muziyeza nthawi yofanana tsiku lililonse, mutagona maola osachepera atatu osadzuka.

Dzira lisanatuluke manambala amakhala otsika, mwachitsanzo 36.3 kapena 36.4. Likatuluka, progesterone imawakweza ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5, ndipo mudzayamba kuona 36.7 kapena 36.8 tsiku ndi tsiku mpaka msambo utayandikira. Mukaona masiku atatu otsatizana amene manambala ake aposa onse a masiku asanu ndi limodzi apitawo, dziwani kuti dzira latuluka, kawirikawiri dzulo la tsiku loyamba lokwera lija. Kutenthako kukakhalabe kokwera masiku 18 kapena kuposerapo msambo osabwera, kayezetseni mimba.

Kuno kwathu njirayi ili ndi mdani wamkulu, amene ndi malungo. Kutentha kwa malungo kapena kwa chimfine kumakwirira kusintha kwakung'ono kumeneku, ndipo chimodzimodzinso mowa wa usiku, ntchito ya usiku ndi kudzukadzuka ndi mwana. Lembani zoterezi pambali pa nambala ya tsikulo kuti musadzaiwerengere.

Chachisanu ndi chimodzi, zizindikiro zina

M'mafamase ena a m'tauni mumapezeka timapepala toyezera LH mu mkodzo. Timafanana ndi toyezera mimba koma ntchito yake ndi ina, ndipo kawerengedwe kakenso ndi kosiyana: mzere woyezera uyenera kuda mofanana ndi mzere unzake kapena kuuposa, apo ayi yankho ndi lakuti nthawi sinakwane. Yambani kuyeza masiku atatu kapena anayi lisanafike tsiku limene mukuliyembekezera, ndipo mukaona mizere iwiri yakuda, dzira lituluka m'tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka. Timapepalati timadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mayi amene wadziwa chikazi chake sikuti amatifuna kwenikweni.

Amayi ena amamva kupweteka pang'ono mbali imodzi ya chinena kwa maola angapo, ena amaona kadontho ka magazi pakati pa mwezi, ena chilakolako chawo chimakwera, ndipo ambiri mabere amalemera dzira litatuluka. Zonsezi n'zongothandizira, ndipo kusakhala nazo sikutanthauza kuti dzira silikutuluka.

Chachisanu ndi chiwiri, gwiritsani ntchito zimene mwapeza

Ngati mukufuna mwana, khalani malo amodzi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi kuyambira pamene chikazi chayamba kunyowa mpaka tsiku limodzi kapena awiri kuterera kutatha. Musadikire kuti kutentha kwa thupi kukwere, chifukwa pamenepo nthawi imakhala itadutsa. Kwa mabanja amene abambo amagwira ntchito kutali, kaya ku Joni kapena m'boma lina, ndipo amabwera kwa sabata imodzi yokha, kope lija lingathandize kusankha sabata yoyenera kubwera, chifukwa banja lingathe kukhala zaka likudziyesa losabereka pamene vuto ndi lakuti maulendowo sakumana ndi masiku asanu ndi limodzi aja. Dziwaninso kuti ngakhale zonse zili bwino, mimba siibwera mwezi uliwonse. Mwa mabanja khumi amene akuyesa popanda kulera, pafupifupi asanu ndi atatu amatenga pakati chaka chisanathe. Pamene mukuyesa, funsani kuchipatala mapiritsi a folic acid, amene amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana zipangike bwino m'masabata oyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

Ngati cholinga chanu ndi kulera, mufunika kusamala kwambiri, chifukwa masiku opewa ayenera kukhala ochuluka kuposa asanu ndi limodzi aja popeza simudziwiratu tsiku lenileni. Njira ya kalendala imati mutenge maulendo asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, muchotse 18 pa waufupi kwambiri ndi 11 pa wautali kwambiri. Ngati maulendo anu anali a masiku 27, 29, 28, 31, 27 ndi 30, ndiye kuti 27 kuchotsa 18 ndi 9, ndipo 31 kuchotsa 11 ndi 20, choncho kuyambira tsiku la 9 mpaka la 20 muyenera kudziletsa kapena kugwiritsa ntchito kondomu. Palinso njira ya mikanda, imene inakonzedwa ku Georgetown University, ku America: mkanda wofiira ndi tsiku loyamba la msambo, mikanda 12 yoyera ikuimira tsiku la 8 mpaka la 19 pamene mimba ingabwere, ndipo yodera ndi masiku enawo. Imagwira ntchito kwa mayi yekhayo amene maulendo ake ali pakati pa masiku 26 ndi 32.

Ndinene mosabisa kuti njira zimenezi zimalephera kawirikawiri kuposa za kuchipatala. Pa amayi 100 ogwiritsa ntchito mikanda kwa chaka, pafupifupi 5 amatenga pakati ngakhale atatsata malamulo onse, ndipo pafupifupi 12 monga mmene anthu amaigwiritsira ntchito m'moyo wa tsiku ndi tsiku, pamene pa amayi 100 ovala lupu kapena kachipangizo ka pamkono safika ngakhale mmodzi. Njirazi zimafunanso mwamuna womvetsa, amene akauzidwa kuti lero ndi mkanda woyera amalemekeza mawuwo. Mayi amene mimba ingaike moyo wake pa chiswe, kapena amene mwamuna wake samva za kudikira, akambirane ndi anamwino a kusikelo ya kulera, kapena a ku Banja La Mtsogolo, za njira ina yodalirika. Kuwerenga masiku sikuteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, ndipo pa zimenezo kondomu ndiyo imathandiza. Zikachitika kuti mwakumana pa masiku oopsa musanadziteteze, mapiritsi olera a pangozi amagwira ntchito pochedwetsa kutuluka kwa dzira, n'chifukwa chake ayenera kumwedwa msanga ndithu, masiku asanu asanadutse, ndipo sachotsa mimba imene yakhazikika kale.

Nthawi zimene chiwerengero sichigwira

Mayi amene wangobereka kumene asadikire msambo kuti adziwe kuti chonde chabwerera, chifukwa dzira ndilo limayamba ndipo msambo umatsatira. Amene sakuyamwitsa angathe kutulutsa dzira patangotha masabata anayi. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi isanu ndi umodzi, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku popanda phala kapena madzi, ndipo mayi sanayambirenso kusamba. Chimodzi chikasowa, chitetezo chatha. Amene wapita padera, dzira lingatuluke patangotha masabata awiri.

Mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku komanso jakisoni wa miyezi itatu zimaletsa dzira kutuluka, choncho magazi amene mayi amaona ali pa mapiritsi sakutsatira dzira, ndipo zizindikiro zonse zimene tafotokozazi siziwerengeka pa nthawi imeneyo. Akasiya mapiritsi, dzira limabwerera msanga. Akasiya jakisoni, lingachedwe miyezi ingapo, mwina kufika chaka, koma kuchedwaku si kusabereka, ndipo mazira saunjikana m'mimba monga ena amanenera.

Atsikana m'zaka zoyamba atatha msinkhu, komanso amayi amene adutsa zaka 40 ndipo akuyandikira kusiya kusamba, amakhala ndi miyezi ina imene magazi amabwera popanda dzira kutuluka, ndi ina imene limatuluka pa tsiku losayembekezereka. Onsewa angathe kutenga pakati, ndipo kuwerenga masiku sikuwayenera ngati njira yolera.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani mukaona kuti maulendo anu amachepera masiku 21 kapena kupitirira 35 mwezi ndi mwezi, kuti mwatha miyezi itatu osasamba pamene simuli oyembekezera, kuti magazi amapitirira sabata kapena amachuluka mpaka kuchita chizungulire, kapena kuti cham'mimba chimakugonekani osatha kugwira ntchito. Dzira limatha kulephera kutuluka chifukwa cha vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, limene nthawi zambiri limabwera ndi msambo wapatalipatali, ziphuphu, tsitsi la pachibwano ndi kunenepa, komanso chifukwa cha matenda a chithokomiro, kuwonda kwambiri, kapena kuchuluka kwa homoni ya mkaka, kumene kumaonekera potuluka mkaka m'mabere mayi asakuyamwitsa. Ambiri mwa mavuto amenewa ali ndi mankhwala. Koma ngati msambo wadumpha ndipo mukumva kupweteka koopsa mbali imodzi ya mimba, pamodzi ndi magazi kapena kufuna kukomoka, musadikire kuche, chifukwa ingakhale mimba yokhala m'chubu, imene imapha ikaphulika.

Banja limene layesa chaka chathunthu osaona mimba lipite kukayezetsa, ndipo ngati mayi wafika zaka 35 lisadikire kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Apite onse awiri. Kwathu kuno chala chimaloza mkazi msanga, apongozi n'kuyamba kulankhula, pamene m'mabanja ochuluka, mwina kufika theka, vuto limakhala kwa mwamuna kapena kwa onse awiri, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta kuyerekeza ndi zimene mayi amayezedwa. Dziwaninso kuti dzira lingamatuluke bwinobwino mwezi uliwonse koma machubu ali otsekeka chifukwa cha chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana amene sanachizidwe, ngakhalenso likodzo kwa amene anakulira m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, ndipo zimenezi kope silingazione.

Popita kuchipatalako nyamulani kope lanu pamodzi ndi buku la kuchipatala. Adokotala akafuna kutsimikiza ngati dzira likutuluka, angakujambuleni pa sikani kapena kuyeza progesterone m'magazi, ndipo magaziwo amatengedwa patatsala masiku asanu ndi awiri kuti msambo ubwere. Kwa mayi wa masiku 28 limenelo ndi tsiku la 21, koma kwa wa masiku 35 ndi tsiku la 28, choncho auzeni kutalika kwa maulendo anu asanakupatseni tsiku lobwera kudzayezetsa.